Tisadzutse chingwe cha ku Zomba

Loweruka lapitali tidaika m'manda mnyamata amene ndidamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Sindimutchula dzina poti misozi ya amayi ake sinaume. Mayeso a MSCE adakhoza ndithu, koma mapointi ake sadamufikitse ku koleji, ndiye adachita zomwe anyamata ambiri a pa Mponela pano akuchita: adatenga njinga yamoto pangongole n'kuyamba kabaza. Ndikatsika minibasi ndi katundu, iye ndiye ankayamba kundithamangira. "Aphunzitsi, kwerani, inu simulipira," ankatero nthawi zonse, ndipo nthawi zonse tinkakangana mpaka alandire ndalama.

Lachitatu usiku adanyamula anthu awiri amene adati akupita kumudzi wina cha kumsewu wa ku Ntchisi. M'mawa mwake amayi opita kudimba adamupeza m'ngalande, mutu utaphwanyidwa. Njinga palibe. Wasiya mkazi ndi mwana woyamwa.

Kumanda, amalume ake, amene ndi mwini mbumba, atapatsidwa mpata wolankhula sadazungulire. "Boma limve," adatero. "Anthu amenewa akapezeka anyongedwe basi. Tatopa kuika ana athu." Khamu lonse lidang'ung'udza movomereza. Ndiulule pano, awerengi anga, kuti nanenso ndidagwedeza mutu. Pa nthawi imeneyo mukadandipatsa chingwe, mwina ndikadafunsa kuti mtengo wake uli pati.

Lolemba m'kalasi ya Fomu 3 mtsikana wina adakweza dzanja ndisanalembe n'komwe mutu wa phunziro pabolodi. "Aphunzitsi, kodi ku Malawi kuno amanyongabe?" Nkhani ya malirowo idali itafika kale m'kalasi, poti ambiri mwa iwo adakwerapo njinga ya malemuyo. Ndidasiya zomwe ndidakonza, n'kuwauza zimene ndikudziwa.

Chilango chonyonga chilipo m'malamulo athu mpaka lero. Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, koma pomwepo likutsegula khomo lakuti khothi likagamula kuti wolakwa aphedwe, ufuluwo suwerengedwa kuti waphwanyidwa. Anthu omaliza kunyongedwa kundende ya Zomba adanyongedwa mu 1992. A Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 adakana kusaina zikalata zonyongera anthu, ndipo palibe mtsogoleri wina wasainapo kufikira lero. Mu 2007, pamlandu wa Kafantayeni, khothi lalikulu lidagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kukakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pamlandu wakupha, osamva n'komwe mmene zinthu zidayendera. Mu Epulo 2021 tidamva pawailesi kuti khothi la apilo, pamlandu wa Khoviwa, lathetseratu chilangochi. Sipadapite miyezi isanu, majaji ena a khothi lomwelo adatulutsa chigamulo chokonzedwanso, n'kunena kuti amenewo adali maganizo a jaji mmodzi yekha, a Dunstain Mwaungulu, ndipo chilango chikadalipo. Mu 2022 a Lazarus Chakwera adasintha zilango za akaidi oposa 20 omwe ankadikira chingwe kuti akhale m'ndende moyo wonse.

Ndiye chingwe chili ngati galu wolusa amene wagona pakhonde zaka zoposa 30. Sadafe ayi, wangogona. Tsiku lina padzabwera mtsogoleri wofuna kuombedwa m'manja pamsonkhano, adzangotenga cholembera, galuyo n'kudzuka. Sabata yonseyi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikufunadi kuti adzuke, ndipo ndapeza kuti mutu umene ndidagwedeza kumanda uja udagwedezedwa ndi chisoni. Maganizo anga enieni ali kwina.

Ndiyambe ndi manyazi anga. Chaka choyamba nditangotuluka ku koleji, dipuloma ikadali yonunkhira inki, kakyuleta ya wophunzira wina idasowa m'kalasi yomwe ndinkayang'anira. Ana awiri adati adaona mnyamata wina atatsalira yekha m'kalasimo nthawi ya buleki. Nditamuitana adayamba kuchita chibwibwi, maso ali pansi, thukuta lili kamukamu. Ine, ndi nzeru zanga zatsopano, ndidati umenewu ndiwo umboni. Ndidamuuza kuti akapanda kuvomera ndiitanitsa bambo ake. Adavomera. Ndidamupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo pa asembule dzina lake lidatchulidwa monga wakuba pamaso pa sukulu yonse.

Patatha masabata atatu, mwini kakyuleta uja adabwera nayo. Mkulu wake ndiye adaitulutsa m'chikwama kunyumba osamuuza. Ndidamufunsa mnyamata uja chomwe adavomerera mlandu wosakhala wake. Yankho lake ndimalimvabe mpaka lero: "Mukadawaitana bambo akadandimenya, ndiye ndidangovomera kuti zithe."

Taonani: mboni ziwiri zidalipo, ndipo sizidaname, zidamuonadi ali yekha m'kalasi. Iye mwini adavomera ndi pakamwa pake. Woweruza, amene ndi ine, sadalandire chiphuphu ndipo adalibe naye chifukwa. Komabe chigamulo chidali cholakwika. Ndidaima pa asembule pomwe paja n'kupepesa, ndidamugulira makope, ndipo lero tikakumana pamsika timapatsana moni. Zonsezi zidatheka chifukwa chibalo changa chidali dzenje la zinyalala. Chikadakhala dzenje linalo, ndikadakapepesa kwa yani? Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Wina anena kuti khothi lalikulu si mphunzitsi wosakhwima wa pa CDSS. Zoona, majaji athu ndi anthu ophunzira ndipo ambiri amagwira ntchito mokhulupirika. Koma taonani zimene zidatuluka chigamulo cha Kafantayeni chitayamba kugwira ntchito. Kuyambira mu 2015, khothi lalikulu, mothandizidwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission, maloya a boma, a Legal Aid ndi mabungwe ena, lidamvanso nkhani za akaidi oposa 150 omwe adagamulidwa kuti anyongedwe pansi pa lamulo lakale lija. Atafufuza adapeza kuti mafailo a milandu yambiri adasowa, moti panalibe pepala losonyeza chimene munthu adamugamulira kuti afe. Ena adapalamula akadali ana osakwana zaka 18. Ena adali odwala misala kapena obadwa ndi nzeru zoperewera. Ena adapha podziteteza kapena pandewu ya pamowa, osati mochita kukonza. Ena umboni wowatsutsa udali wofooka kotero kuti munthu ungadabwe mmene adafikira kundende. Majaji atamva zonsezi, palibe ngakhale mmodzi amene adamugamulanso kuti anyongedwe, ndipo oposa 100 adatuluka n'kubwerera kwawo.

Anthu amenewa, a Muluzi ndi owatsatira akadakhala osaina zikalata, bwenzi onse ali m'manda a akaidi. Ife tikadagona tulo tabwino n'kumati chilungamo chachitika, osadziwa kuti pakati pawo padali ana ndi odwala.

Pali bambo wina amene nkhani yake idamveka pa BBC. Adagamulidwa kuti anyongedwe chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi. Masiku amenewo wonyonga ankachita kuchokera kunja, ndipo akabwera ankamuikira mndandanda wa anthu. Bamboyu dzina lake lidalowa pamndandanda katatu, ndipo katatu konse wonyongayo adaweruka asanafike pa iye. Adatuluka m'ndende atakhalamo zaka zoposa 20. Pamenepa moyo wa munthu udadalira kutopa kwa mnzake ndi nambala yake pamzere. Ine chimenechi sinditha kuchitcha chilungamo.

Nanga kuvomera mlandu kuja? Mukukumbuka imfa ya a Buleya Lule mu Febuluwale 2019. Adamangidwa powaganizira kuti akukhudzidwa ndi kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, ndipo adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mlandu wawo usanazengedwe. Kafukufuku wa Malawi Human Rights Commission adapeza kuti adazunzidwa, mpaka kuwotchedwa ndi magetsi. Sindikunena kuti apolisi onse amatero. Ndili ndi anzanga apolisi amene amagwira ntchito yovuta opanda galimoto, opanda mafuta, opanda zipangizo zoyezera zala kapena magazi. Koma m'dziko limene milandu yambiri imadalira mawu akuti "wavomera yekha", tiyenera kufunsa kuti wavomera ali pati, ndipo patebulo padali chiyani. Mnyamata wanga uja adavomera kakyuleta poopa mkwapulo wa bambo ake. Nanga munthu amene akumuyandikizira waya wa magetsi angakane chiyani?

Nkhani ya abale athu achialubino ndiyo imandivuta kwambiri, chifukwa nkhanza zimene achitiridwa zimaposa za zilombo. Mu 2016 a Bon Kalindo, ali phungu, adatsogolera zionetsero zofuna kuti opha anthu achialubino azinyongedwa, ndipo Amalawi ambiri adagwirizana nawo. Mu 2019 makhothi adaperekadi chilango cha imfa pamilandu ina yotere. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa. Koma dzifunseni kuti amene amafika m'bokosi la khothi ndi ndani. Kawirikawiri ndi munthu wa m'mudzi, wachibale kapena woyandikana naye nyumba, amene adalonjezedwa mamiliyoni omwe sadawaonepo. Funso limene aliyense amafunsa, lakuti msika wake uli kuti ndipo wotuma ndani, silinayankhidwe mokhutiritsa. Mukanyonga wotumidwa, mwakwirira pakamwa pokhapo pomwe tsiku lina pakadatchula wotuma. Wotumayo ndiye angakhale woyamba kukuthokozani.

Ndipo paliponse chingwe chimadziwa khosi la wosauka. Munthu wa ndalama akapalamula amalemba maloya atatu, amapeza belo, amachita apilo mpaka mboni zitaiwala kapena kumwalira. Mlimi wa fodya wa kwathu kuno, amene kontena ya mbewu yatha ngongole isanathe, amadikira loya wa Legal Aid amene ali ndi mafailo odzaza tebulo, ndipo mwina akumana naye koyamba tsiku la mlandu lomwelo. Mlandu ukuzengedwa m'Chingerezi, iye akungomvera kwa womasulira. Anthu awiri apalamula mlandu umodzi, wina akagona kunyumba, wina akalandira yunifomu. Kusiyana kotere n'koipa kale pamene chilango chili zaka za m'ndende. Chikakhala imfa ndiye kuti tikupha munthu chifukwa cha umphawi wake.

Poti ndimaphunzitsanso mbiri yakale, ndiloleni ndikhalitse pang'ono pa zimene chingwechi chidachita m'dziko muno. Atsamunda adapha otsatira a John Chilembwe ambiri mu 1915, ena pongowazenga milandu mothamanga, ndipo lero nkhope ya Chilembwe ili pandalama zathu, Januwale 15 aliyense timapuma pomukumbukira. Titalandira ufulu chingwe sichidapite ndi azungu. Mu 1966 a Medson Silombela, amene adali wotsatira a Henry Chipembere, adanyongedwa ku Zomba pamaso pa anthu ochita kuitanidwa kudzaonerera. Mu 1969, khothi lalikulu litamasula anthu omwe ankawaganizira pa kuphana kwa ku Chilobwe, boma lidasintha malamulo n'kupereka milandu yakupha ku makhothi otchedwa a makolo, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Makhothi omwewa pambuyo pake adayamba kuzenga milandu youkira boma. A Albert Muwalo, omwe adali mlembi wamkulu wa chipani cholamula komanso munthu woopedwa dziko lonse, adadutsa momwemo n'kunyongedwa mu 1977. A Orton Chirwa, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959 ndipo adakhalapo nduna ya zachilungamo, adagwidwa pamodzi ndi mayi Vera Chirwa mu Disembala 1981, ndipo mu 1983 onse awiri adagamulidwa kuti anyongedwe. Maiko akunja atachonderera, chilangocho chidasinthidwa mu 1984. A Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Vera adatuluka mu Januwale 1993 n'kudzagwira ntchito yoteteza ufulu wa anthu, mpaka kufika pa komiti yoona za ufulu wa anthu mu Africa muno. Kukadapanda kuchonderera kuja, mayi woyamba kukhala loya m'Malawi akadathera pachingwe.

Ndikudziwa kuti kuno kwathu nkhani zimenezi ena amazimva ngati ndale. Sindikuloza chipani. Ndikuloza chida. Amene adachigwiritsa ntchito adapita, chida chidatsala, ndipo kuukira boma ukadali mlandu wa imfa m'buku la malamulo athu. Ku Zambia, mu 2017, a Hakainde Hichilema adaimbidwa mlandu woukira boma chifukwa galimoto zawo sizidapatuke pamsewu pomwe pankadutsa mdipiti wa pulezidenti, ndipo adakhala m'ndende pafupifupi miyezi inayi. Iwo omwewo atakhala mtsogoleri adasaina lamulo lothetsa chilango cha imfa mu Disembala 2022. A Emmerson Mnangagwa a ku Zimbabwe adagamulidwa kuti anyongedwe ali mnyamata m'nthawi ya ulamuliro wa azungu, n'kupulumuka chifukwa cha msinkhu. Pa 31 Disembala 2024 adasaina lamulo lochotsa chilangochi. Anthu amene adachiona chingwe chapafupi sachilakalaka. Mozambique idachichotsa mu 1990, South Africa mu 1995.

Tili ndi chikumbutso pafupi pompano. Dzaleka, kumene lero kuli othawa nkhondo, idali ndende ya anthu otsekeredwa pazifukwa za ndale ndi zachipembedzo isanasanduke kampu mu 1994. Akuluakulu a kuno amadziwa nkhanza zimene zinkachitika kumeneko, ndipo sindikuziyamikira. Koma dzinalo limandichititsa chidwi. Ngakhale omanga ndende yankhanza ija ankayembekezera kuti munthu akalangidwa anena kuti "ndidzaleka". Wonyongedwa alibe mpata wonena mawu amenewo.

Tsono tifike pa mfundo ya amalume aja, yomwe ndi yamphamvu kuposa zonse: akuti tikanyonga awiri kapena atatu, enawo aopa, ndipo ana athu a kabaza aziyenda mwamtendere usiku. Ndikadakhulupirira zimenezi ndikadavutika kwambiri kulemba nkhaniyi. Koma zaka zimene ndakhala ndikuyang'anira mayeso zandiphunzitsa china. Wophunzira aliyense amadziwa kuti akagwidwa ndi likasa pa MSCE zotsatira zake zifafanizidwa ndipo akhoza kumangidwa. Chilango n'chachikulu kale. Komabe chimene chimamuletsa kutulutsa kapepala m'sokosi ndi maso a woyang'anira. Woyang'anira akakhala pakhomo n'kumasewera ndi foni, timapepala timatuluka ngakhale mutalengeza kuti wogwidwa adulidwa dzanja. Anthu awiri amene adakwera njinga ya wophunzira wanga sadakhale pansi n'kuwerengera kuti moyo wonse m'ndende ndi wopiririka koma chingwe ayi. Adawerengera kuti kunja kuli mdima, msewu ulibe anthu, wogula njinga kapena zipangizo zake akudikira, ndipo palibe adzawagwire. Chimene chingawaopse ndi kudziwa kuti wakupha aliyense amagwidwa, ndi kuti wogula njinga yopanda mapepala nayenso amalowa m'chitokosi.

Kumbukirani kuti kuphana kwa ku Chilobwe, kuyambira 1968 mpaka 1970, kudachitika pamene chingwe cha ku Zomba chidali maso, chikugwira ntchito. Ena amaloza ku Joni n'kumati taonani kuphana kwachuluka chifukwa adachotsa chingwe. Kuphana n'kochulukadi kumeneko, abale athu obwerako amatiuza. Koma kudali kochuluka kale chisanachotsedwe, ndipo chitachotsedwa chiwerengero chidatsika kwa zaka zingapo, kenako n'kudzakweranso. Zimene zimachikweza ndi kuchitsitsa ndi zina: mfuti, ulova, mowa, ndi mphamvu za apolisi.

Enanso amati boma likapanda kupha, anthu azipha okha. Koma gulu likakwiya silifunsa za gawo 16. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi adaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atawombedwa ndi mphenzi. Ku Nsanje mu Malichi chaka chomwecho anthu asanu ndi awiri adawotchedwa powaganizira kuti adali ndi mafupa a munthu. M'misika yathu munthu amavekedwa tayala chifukwa cha mbuzi kapena foni, milandu yomwe palibe jaji angapereke imfa. Gulu limapha chifukwa lataya chikhulupiriro kuti wogwidwa akafika kukhothi, komanso chifukwa lidazolowera maganizo akuti munthu woipa mankhwala ake ndi imfa. Boma likamanyonga limakhala likuvomereza maganizo omwewo, kungoti lokha lavala mkanjo ndi wigi. Ife aphunzitsi adatiletsa mkwapulo, ndipo ambiri tidadandaula. Koma ndidaona ndekha kuti kalasi ya mphunzitsi womenya ndi imene ana ake ankamenyana kwambiri pa buleki.

Lachinayi ndidapita kukapepesa maliro kwa mkazi wa malemuyo. Ndi mtsikana wamng'ono, nayenso adadutsa pasukulu pathu. Sadatchule za chingwe ngakhale kamodzi. Nkhawa yake idali yakuti mwini ngongole ya njinga wayamba kale kutumiza mauthenga, lendi yatha, ndipo sakudziwa ngati abwerere kwa makolo ake. Tikanyonga anthu awiri aja, iye alandira chiyani? Malamulo athu amawononga ndalama zambiri pa wolakwa, kumusaka, kumuzenga, kumusunga, koma wamasiye amangobwerera kunyumba ndi chitenje chake chakuda. Makolo athu, ngakhale adali ndi nkhanza zawo monga mwavi, pamlandu wa magazi nthawi zambiri ankayamba afunsa kuti banja loferedwa lipepesedwa ndi chiyani, ndipo mbumba ya wolakwa inkalipa. Ndikadakonda kumva aphungu athu akukangana za thumba lothandiza ana a anthu ophedwa, ndi zakuti wakupha azigwira ntchito m'minda ya ndende gawo la phindu lake n'kumapita kwa ana amene adawasandutsa amasiye. Zimenezi sizikoma pamsonkhano wa ndale ngati kukuwa kuti "anyongedwe", koma zikhoza kugula phala la mwana woyamwa uja.

Anthu ena amati kukana chingwe ndi maganizo a azungu ndi mabungwe awo. Akaidi aja atabwerera m'midzi, bungwe la Paralegal Advisory Service Institute pamodzi ndi sukulu ya zamalamulo ya Cornell adafunsa mafumu 102 a m'midzi yomwe idawalandira. Amenewa ndi mafumu amene adaona maliro a wophedwa, n'kudzaonanso wakupha akubwerera. Owerengeka okha ndi amene adati chingwe n'choyenera. Ochuluka adati munthu amasintha, ndipo adaona ndi maso awo anthuwo akulima, akupita kutchalitchi kapena kumzikiti, akulera adzukulu. Mafumu a kumudzi si azungu.

Akhristu anzanga amandikumbutsa za malamulo a Mose, ndipo alipodi. Koma buku lomwelo likutiuza kuti wakupha woyamba, Kaini, adathamangitsidwa n'kuikidwa chizindikiro kuti wina asamuphe. Mose mwiniwakeyo adapha munthu ku Igupto, Davide adaphetsa Uriya, ndipo onsewa adapatsidwa nthawi. Amene timamupembedza Lamulungu lililonse adaphedwa ndi boma, khothi litagamula, gulu likukuwa. Mu 2018 Papa Francis adasintha katekisimu wa Akatolika kuti anene poyera kuti chilango cha imfa n'chosaloledwa. Za mipingo ina ndisiyire abusa.

Pali zinthu ziwiri zimene otsutsana nane amanena zomwe sindingazikane. Choyamba, ndende zathu n'zodzaza mopitirira muyeso, akaidi amagona mokhala, chakudya chimasowa, ndipo ngakhale khothi lidanena kale mu 2009, pamlandu wa Masangano, kuti mkhalidwe umenewu ndi wonyazitsa umunthu. Wina angati kuli bwino kufa kusiyana n'kukhala mmenemo zaka 40. Komatu amene amadzaza Maula ndi Chichiri si ogamulidwa kuti aphedwe, amenewo ndi ochepa kwambiri. Odzaza ndende ndi akuba nkhuku ndi anthu amene akhala pa rimandi zaka osaonana ndi jaji. Ngakhale mutanyonga onse oyenera chingwe mawa m'mawa, m'maselo simupezeka malo oyala mphasa. Chachiwiri, anthu amaopa kuti "moyo wonse" umatha ndi chikhululukiro cha pulezidenti pa 6 Julaye kapena pa Khirisimasi, wakupha n'kubwera kudzamwa tiyi pafupi ndi nyumba ya wamasiye. Mantha amenewa ndi oona, ndipo pamene chikhululukiro chaperekedwa mobisa kapena mokondera, chimapweteka ngati imfa yachiwiri. Pamenepa ndili nanu. Lamulo lothetsa chingwe libwere pamodzi ndi lamulo lonena zaka zimene wakupha mwankhanza sangatuluke zisanakwane, ndiponso lakuti banja loferedwa lizimvedwa munthu asanakhululukidwe.

Anthu amene adapha wophunzira wanga ndikufuna agwidwe. Ndikufuna aime m'khothi, amayi ake awaone nkhope, atchule amene adawagula njinga, ndipo akakalambire m'ndende. Ngati agwidwa olakwika, zomwe zimachitika mudzi ukakwiya ndipo apolisi akapanikizidwa kuti aonetse ntchito, ndikufuna kuti tsiku limene choona chidzatuluke adzapezeke ali moyo.

Lachisanu ndidabwerera ku Fomu 3 ija n'kuwauza kuti akweze manja amene akufuna chingwe chidzuke. Ochuluka adakweza, ndipo sindidawadzudzule, poti nanenso ndidagwedeza mutu kumanda. Mtsikana amene adayambitsa nkhani uja sadakweze mbali iliyonse. Nditamufunsa adati akuganizabe, kenako adandifunsa ngati ntchito yonyonga anthu amailengeza m'nyuzipepala ngati ntchito zina, ndipo ngati amafuna MSCE ya mapointi angati. Anzake adaseka. Ndidawafunsa kuti mwa amene adakweza manja, ndani angalembe kalata yofunsira ntchitoyo. Anyamata awiri a kumbuyo adakwezanso, mmodzi n'kutsitsa msanga mnzake atamuyang'ana. Belu lidalira tisanamalize, ndipo ndawapatsa kuti akalembe chimangirizo cha masamba awiri, aliyense mbali imene akufuna, adzapereke Lolemba.